Mang'a Anasamukira M'manja

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulalikira pabawo kuti mwamuna weniweni sadzola. Mafuta ndi a makanda ndi akwati. Ine ndikasamba ndinkangodzikutumula ngati galu wonyowa, kuvala malaya, ulendo. Amake Mphatso akandilozera botolo la Vaseline ndinkayankha kuti khungu langa ndi la Chingoni cha ku Ntcheu, silidziwa zachibwana.

Chaka chino Juni atangolowa, mayiwa anapita kumudzi kukadwazika apongozi anga. Anandisiyira ana atatu, beseni limodzi ndi mulu wa zochapa wofika m'chiuno. Inu a ku Nsanje ndi ku Salima nkhaniyi mungoimvera. Kuno ku Bangwe lero kugwa chiperoni chochokera ku Mozambique, mawa kuwomba mphepo youma ya mwera, ndipo madzi a pampopi mmamawa amakhala ndi mano. M'madzi amenewo ndi mmene ndinkaviika manja katatu patsiku, nditathira sopo waufa wodzaza chikhatho, poti ndinkaganiza kuti thovu likachuluka zovala zizichapika zokha.

Sabata yoyamba manja anangotuwa ngati ndimaola phulusa. Yachiwiri, mang'a amene ndinkadziwa kuti kwawo n'kuchidendene anasamukira m'mfundo za zala, osalipira ngakhale lendi. Ndikati ndifumbate, khungu ng'aa! Usiku bulangete linkakola m'ming'alu. Foni yanga, imene imatseguka ndi chidindo cha chala, inayamba kundikana ngati ndine woiba. Kutchalitchi, pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, mayi wina anabweza dzanja msangamsanga n'kuliyang'ana ngati lachekeka.

Koma tsiku limene ndinaona zakuda ndi la usipa. Ndinauphika ndekha, kuthira kambuzi, kufinyira ndimu, mchere osaumira. Ndinatema nsima yotentha, kuumba bwinobwino, kusunsa. Abale, msuzi uja unalowa mng'alu uliwonse ngati ukuchita kalembera.

"Ababa, mukulira?" anafunsa Mphatso.

"Ndi utsi."

"Koma mbaula inazima kalekale."

Ndinamaliza nsimayo ndi supuni, ine mwana wa Mngoni, ana anga akuonerera.

Pabawo madokotala sasowa. Wina anati ndipake girisi wa galimoto. Wina anati mafuta a mabuleki amapha chilichonse, ndipo ndinamukhulupirira, n'chifukwa chake sindinayese. Ndinatsata wachitatu, wa super glue. Mng'alu unatsekekadi, koma chala chachikulu chinamatirira ku chamkombaphala, moti tsiku lonse ndinayenda ngati munthu wofunsa za ndalama. Mnzanga wina amene ali nane ngongole atandiona anakhotera njira ina.

Amene anandipulumutsa ndi anesi a nyumba yoyandikana nafe. Anandipeza pachingwe ndikuyanika yunifolomu ndi nsonga za zala.

"Bambo a Mphatso, tabweretsani manjawo." Anawatembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu. "Sopo waufa sasiyanitsa mafuta a m'poto ndi mafuta a khungu lanu, amachotsa onse. Mafutawo akachoka, mphepo imayamwa madzi a m'khungu, ndiye limang'aluka ngati dambo mu Okutobala."

Anandilamula ngati mwana wa sikelo. Madzi ochapira ndiziwafunditsa pang'ono, koma asatenthe, poti otentha amasukulutsanso mafuta omwewo. Sopo ndichepetse ndipo ndizitsukuluza manja mpaka kuterera kuthe. Ndikapukuta ndisadikire kuti aume gwa, ndizidzola pomwepo adakali a chinyezi, chifukwa Vaseline sathira madzi m'khungu, amangotseka chitseko kuti amene alimo asathawe. Gilisalini naye amathandiza, makamaka ukamusakaniza ndi timadzi. Pochapa ndizivala magolovesi a labala. Usiku ndizipaka mokhuthala n'kuvala sokosi m'manja. Ndipo mng'alu ukatupa, kutentha kapena kutulutsa mafinya, ndisapite pabawo, ndipite kuchipatala.

"Sokosi, mayi? M'manja?"

"Nanga mukufuna kudzoza bulangete?" Ndipo akuchoka anaponya kena: "Agogo anu a ku Ntcheu aja ankadzola mafuta a nsatsi. Ungoni wouma mwautenga kuti?"

Chimene chinanditonthoza anachipeza Mphatso pafoni ija, itavomera nambala yachinsinsi. Vaseline sanayambire pa makanda. Mu 1859 Robert Chesebrough anapita ku zitsime za mafuta ku Pennsylvania, ku America, n'kupeza amuna a zitho akupaka pa zilonda ndi pamene apsa phula lomatirira ku zitsulo za mapampu. Analiyenga, ndipo mu 1872 analembetsa kuboma kuti luso limeneli ndi lake. Mkuluyo anafa ndi zaka 96. Choncho ine podzola ndinali kungobweza katundu wa amuna kwa eni ake. Mfundo imeneyi ndinaisunga kuti ndikaigwiritse ntchito ndikagwidwa.

Masiku anayi okha zala zinayamba kupindika osalira. Lachisanu foni inandizindikira. Loweruka m'bandakucha kunamveka kugogoda, ndipo ndi tulo tanga ndinakatsegula. Pakhomo panali amake Mphatso, thumba la mbatata pamutu, ine nditaima ndi sokosi zasukulu za Mphatso mpaka m'zigongono, patebulo botolo lawo la Vaseline litakombedwa mpaka pansi.

Ndinayamba: "Mu 1859, ku America..."

"Nditulenitu, a Ngoni," anatero. Ndinawatula mbatata ndi sokosi zomwezo.

Pano m'nyumba muli mabotolo awiri. Langa limakhala m'bokosi la masipanala, pansi pa hamala. Anzanga a pabawo, mukaona njere zikundipulumuka m'manja, ingoseweranibe, musafunse.