Goloboyi wa M'mwezi wa Malichi

"Mwana ameneyo akangoima pagolo, golo lonse latha. Mumenyera pati inu a Neba?"

Anali wometa wa pa Thuchila, makina ali m'manja koma ali zii, poti magetsi anathima mvula itangoyamba. Pampando panali aphunzitsi ena a pulayimale, nsalu ili m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi yokha. Kuthawa sakanatha. Ena tonsefe tinali titaunjikana pakhonde pomwepo kuusa mvula: anyamata a kabaza ndi njinga zawo, mayi wootcha mondokwa amene anakokera mbaula yake pansi pa malata, ndi mkulu wina wa jekete lakuda yemwe akuti anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma. Phiri la Mulanje silinkaoneka n'komwe.

"Dzina lake ndani mwanayo?" anafunsa aphunzitsi.

"Dzina mulimva pa wailesi. Dikirani Epulo."

"Ndiye kuti inunso simukulidziwa, achimwene."

Khonde lonse linaseka, wometayo naye akuseka, koma sanagonje. Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

Malichi ndi mwezi wokoma kwa wokonda mpira chifukwa palibe timu imene yagonja. Umu munali mu 2025: ligi ya TNM inkayamba cha mu Epulo, ndipo matimu onse 16 anali ndi mapointi ofanana, ziro. Zimene zinalipo ndi osewera kuthamanga m'mamawa, masewero opimana mphamvu, ndi mphekesera za amene wagulidwa ndi amene watayidwa. Chaka chimenecho aliyense anali ndi pogwira. Chikho cha 2024 chinapita ku Lilongwe kwa Silver Strikers, Mighty Wanderers n'kukhala yachiwiri, FCB Nyasa Big Bullets yachitatu, chonsecho Maule anali atachitenga kasanu kotsatizana kuyambira 2018. Kalisto Pasuwa anali atachoka ku Bullets kukaphunzitsa Flames, ndipo Peter Mponda, yemwe anapatsa Silver chikhocho, anali atabwerera kwawo ku Bullets. Manoma nawo anatseka 2024 ndi chikho cha Castel, koma pa nthawiyo ligi anali ataitenga komaliza mu 2017, ndipo panalibe sapota wa Bullets amene akanalola tsiku kudutsa osawakumbutsa chaka chimenecho.

Foni ija inayenda m'manja. Munali kavidiyo ka pa Facebook, kafupi kwambiri, kojambulidwa ndi munthu wonjenjemera dzanja. Mnyamata wina wamtali anauluka kumanzere n'kugwira mpira, kudzuka, kuuluka kumanja n'kugwiranso. Wometa ankati ameneyo ndiye mwana wa ku timu yaing'ono ya Bullets amene akwezedwe chaka chimenecho. Nkhope sinkaoneka bwino, ndipo malayawo akanatha kukhala ofiira kapena a mtundu wina uliwonse.

Aphunzitsi anakaonera kawiri, mutu uli pendekeke.

"Mpirawu akumuponyera ndi manja. Onani bwino. Akumuponyera ndi mphunzitsi wake, ndipo akumuuziratu mbali. Ine ndi mimba yangayi ndikhoza kugwira. Mundionetse akutuluka kukalanda kona pakati pa anthu, wina akumuponda phazi, wina akumukoka malaya. Ifetu ku Lali Lubani tili ndi wathu amene akubwera, ameneyo ndiye muona."

"Dzina lake ndani?" anabwezera wometa.

Aphunzitsi anayamba kukonza nsalu ya m'khosi.

Ndinaona kuti mkanganowu sukanatha kutha, ndipo n'chifukwa chake unkakoma. Akanakhala kuti akulimbana za womwetsa zigoli, pofika Meyi zikanadziwika, poti mnyamata wakutsogolo amapatsidwako mphindi khumi zomalizira, anthu n'kumuona mathamangidwe. Pagolo sipalowedwa choncho. Mphunzitsi sasintha goloboyi masewero ali mkati pokhapokha wavulala kapena wapatsidwa kadi yofiira, ndipo timu imene ikufuna chikho siyesera mwana pamalo pamene kulakwa kumodzi kumadya mapointi atatu. Ligi ili ndi masewero 30, koma goloboyi wachiwiri akhoza kuwaonera onsewo ali pabenchi, wachitatu osavala n'komwe yunifolomu. Ambiri amakhwima mochedwa, anzawo akutsogolo atayamba kale kudandaula maondo. Choncho amene akutamidwa mu Malichi ali ngati chimanga chimene chimakhala m'minda ya pa Thuchila mwezi umenewu: mwini munda akuwerenga matumba, pamene ngaiyaye sizinaume.

Mkulu wa jekete uja anali chete nthawi yonseyi, akukokota mondokwa pang'onopang'ono ndi mano a mbali imodzi. Atatsokomola, khonde linamupatsa mpata.

"Ana inu munamuona Boniface Maganga?"

"Wathu ameneyo, madala!" anakuwa aphunzitsi, nsalu n'kugwa.

"Khalani pansi, sindikunena za timu. Ndikunena masiku amene Malawi inkatenga chikho cha East and Central, 1978 ndi 1979. Ife tinkamvera pa wailesi ya kapitawo, anthu mulu. Sitinkamuona, koma woulutsa akangotchula dzina lake mtima unkakhala pansi. Goloboyi ndi ameneyo. Kuuluka ngakhale mwana amauluka. Koma otchinga kumbuyo akamva mawu ako kumsana n'kudziwa poima, mipira yambiri sifika n'komwe kwa iwe."

"Nanga Swadick Sanudi?" analowerera wometa. "Ku Angola, 2010, Algeria inadya zitatu kwa duu. Anali pagolo ndani? Anakulira kuti?"

"Sanudi ndikumuvomera," anatero mkuluyo. "Koma tsiku limenelo anthu amakumbukira Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Iwe wamukumbuka lero chifukwa ukufuna kuwina mlandu."

Apa ndi pamene nkhani inapsa, chifukwa mmodzi wa akabaza anatchula fulikiki ya Achraf Hakimi. Pa khonde lililonse m'dziko muno mukhoza kuyambitsa phokoso ndi mpira umenewo. Unali usiku wa pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Malawi itafika koyamba mu ndime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations, Morocco n'kupambana 2-1. Theka la khonde linkati Charles Thom akanaugwira akanaima bwino. Theka linalo linkati mpira umenewo ngakhale agoloboyi awiri akanangouperekeza ndi maso. Wina anaimirira kusonyeza pomwe khoma linayenera kuima, n'kugunda mbaula, mayi uja n'kumukalipira. Palibe anatchula mipira imene mnyamatayo anatchinga usiku umenewo, ndipo inali yambiri ndithu.

Aphunzitsi anadikira phokoso lizizire, monga amachitira m'kalasi.

"Tsiku lomwelo, Gabadinho anamenya mpira ali kutali, pafupifupi pakati pa bwalo. Unadutsa pamutu pa ndani?"

"Bono!"

"Yassine Bounou. Chaka chomwecho, ku Qatar, munthu yemweyo anagwira mapenate awiri a Spain, Morocco n'kufika mu semifainolo ya World Cup. Akanakhala wa kuno, titaona chigoli cha Gaba chija, bwenzi titamuthamangitsa ndi miyala, tikuti wadya ndalama."

Mfundo imeneyi inali yabwino kuposa zonse zimene ndinamva tsikulo, ndipo inapita ndi mvula. Wometa anangoti, "Ndiye mwavomera kuti Gaba anachokera ku Bullets," basi khonde n'kubwerera pomwe linali.

Wakabaza wamng'ono pa onse, wa chipewa cha buluu woyererako, anali akudikira mpata wake.

"Mabigi, mukulimbirana ana amene simunawaone, pamene goloboyi weniweni munamuona chaka chonse chatha. George Chikooka. Ligi ili ku Area 47."

Sindinaonepo Maule ndi Manoma akugwirizana msanga chotere. Wometa ndi kasitomala wake anatembenukira mnyamatayo nthawi imodzi.

"Iwe unayamba liti kusapota Silver?"

"Ku Lilongwe unafikako?"

"Akauntitu ku banki ulibe, aise."

"Kochi wanu tatenga ife, mutsala ndi chiyani?"

Mnyamatayo sanatekeseke. Anati mpira wamasiku ano goloboyi amasewera ndi miyendo, kuyambitsa masewero kuchokera kumbuyo, osati kumangotibula mpira m'mwamba. Anawonjeza zimene anawerenga pa foni, zoti akuluakulu okonza malamulo a mpira anali atagwirizana kumayambiriro a mwezi womwewo kuti goloboyi akakhalitsa ndi mpira m'manja kupitirira masekondi 8, adani azipatsidwa kona. "Zogona pa mpira kudikira wezulo zatha. Agoloboyi anu aja achita bwanji?"

Mkulu uja anapukusa mutu. Anati iye anaona kale lamulo likusintha, mu 1992, pamene analetsa goloboyi kugwira ndi manja mpira womubwezera mnzake ndi phazi, ndipo anthu ankati agoloboyi atha ntchito. "Koma mwana iwe, zopatsirana kumbuyozo ukazichitire pa kapeti ya pa Kamuzu Stadium. Pabwalo la mabampu mpira ukudumpha phazi, ulowa wokha, mawa dzina lako lili pa Mzati FM."

Wina anatchula za kathumba kamene agoloboyi ena amaika m'kona mwa ukonde, ndi za anthu amene amazungulira golo masewero asanayambe. Onse anagwirizana kuti zimenezo zimachitika, ndipo onse anagwirizananso kuti amachita ndi a timu inayo.

Mayi wa mondokwa anali akutembenuza chimanga chake, akukupiza makala ndi kachikatoni. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Abambo inu mukundisokosa. Goloboyi ndili naye kunyumba ine."

Anati mwana wake wachiwiri ndi amene amagwira pagolo ku timu ya m'mudzi mwawo, ndipo Lamlungu lililonse amabwera zigongono zili magazi, malaya atang'ambika, matope mpaka m'makutu. Sopo wake ndi wa mondokwa yemweyu. Magolovesi anagula pa kaunjika, limodzi lalikulu lina laling'ono, ndipo akang'ambika amasoka yekha ndi ulusi wa thumba. Palibe anamuphunzitsapo kagwedwe. Amangoonera mpira wa ku England m'nyumba ya kanema n'kukayesa pa nthaka youma ya kusukulu.

"Inu mukudziwa kutalika kwa mwana wa ku Blantyre amene simukumudziwa dzina. Wangayu amadutsa pano tsiku lililonse, mumamumeta ndinu, munamufunsapo? FOMO inalowa mu ligi yaikulu chaka chatha, ya konkuno ku Mulanje. Munkapita ku Mulanje Park pokhapokha kukabwera matimu anu a ku Blantyre, kukasapota alendo. Lero yatuluka, muli phee."

"Alamu, nkhani ya FOMO ndi ya ndalama," anatero wometa, mawu atatsika.

"Ya mwana wanga ndi ya chiyani?"

Panalibe woyankha. Aphunzitsi anati mnyamatayo akumudziwa, anamuphunzitsapo Sitandade 6, ndipo masamu ankakhoza. Mkulu uja anafunsa ngati mwanayo amakuwa akakhala pagolo. Mayiyo anati amakuwa mpaka kusasa mawu, anzake amadana naye. Mkuluyo anagwedeza mutu n'kunena kuti Lamlungu apita akamuone, ngati wina wa kabaza angamunyamule pa mtengo wa munthu wopuma ntchito. Wa Silver uja anati mafuta a miyendo nawonso akwera.

Ndikanakonda nkhani ikanakhazikika pamenepo, koma amuna awiri aja anali ndi ngongole yoti amalizitse. Mvula inali itayamba kukata, magetsi osabwerabe, ndipo aphunzitsi anavomera kuti apita kwawo ndi mutu wa theka, abweranso mawa. Asananyamuke, wometa anawagwira mkono.

"Tibetcherane, aphunzitsi. Mwana wathu uja, chigawo choyamba chonse cha ligi, sachinyitsa zigoli zoposa zisanu. Akapyola, ndikumetani ulere mpaka Khirisimasi. Akapanda kupyola, tambala."

"Zisanu? Masewero 15? Achimwene, mwatopa nayo ntchito. Madala, mwamva inu, mukhale mboni."

Anagwirana chanza, mkulu uja n'kudula. Aphunzitsi anabwereka chipewa kwa wakabaza wina, n'kukwera pa kaliyala akumwetulira, akuwerengera kale ndalama zometera zimene asunge. Njinga inali itayenda pang'ono kulowera ku msewu pamene tinawaona akumenya wakabaza pamsana kuti aime. Anatsika, n'kubwerera akudumpha zithaphwi, chala chili m'mwamba.

"Nanga akapanda kusewera? Akakhala pabenchi chigawo chonse?"

"Ndiye kuti sanachinyitse," anatero wometa, akupukuta makina ake. "Tambalayo akhale wamkulu, aphunzitsi. Wa chitopa sindilandira."