Ku Likoma ena anapuma, ine ndinasenza

Amene anakuuzani kuti Likoma ndi kachilumba kakang'ono anangokaona pa mapu. Pa mapu n'zoona: kadontho ka masikweya kilomita 18, kokankhidwira kufupi ndi gombe la Mozambique moti ungaganize kuti wojambulayo dzanja linamuterereka. Koma mukayendeko wapansi, dzuwa lili paliwombo, thumba la ufa lili pamutu, chikwama cha apongozi kudzanja lamanja, mbaula kumanzere, ndiye mudzandiuze ngati n'kakang'ono.

Zinayamba ndi chipereganyu cha ku ofesi. Itafika nthawi yanga yolandira, mayi a kunyumba anaonjezerapo kangongole ka ku banki mkhonde, ndipo tinagwirizana kuti ana akatsekera sukulu tikaone nyanja, nafenso tikhale ndi zithunzi zotumiza pa WhatsApp. Ine m'mutu mwanga munali Salima: m'mawa kupita, madzulo kubwerako, nsima kudzadyera pakhomo. Apongozi, amene anabwera kudzaona adzukulu pa Isitala ndipo anali asanapeze chifukwa chobwererera kumudzi, anangotsokomola kuseri kwa chitseko n'kunena kuti munthu wa Anglican sayenera kufa asanaone tchalitchi cha ku Likoma. Apongozi akatchula za kufa, mkamwini alibe poyankhira.

Mkangano unabuka pa nkhani ya pogona. Apongozi ankafuna malo oti belu la tchalitchi likalira azilimva ali chigonere. Mwana wathu wachisamba, mtsikana wa Fomu 3, ankafuna loji ina imene anaiona pa Facebook, ya mchenga woyera ndi mipando yogonapo. Mayi a kunyumba anakumbukira kuti ali ndi azakhali awo ku Makulawe, kumpoto kwa chilumbacho, ndipo kufika pa Likoma osakagonako ungakhale mlandu woti uzidzatuluka pa maliro aliwonse mpaka tonse titatha. Alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, amene palibe anawaitana, anati iwo amva kuti moyo weniweni uli ku Chizumulu. Kamzime kathu kankangofuna kukwera sitima basi.

Apa ndi pamene ndinaonetsa kuti zaka zanga zonse m'boma sizinapite pachabe. Ndinatenga pepala ndi rula n'kujambula ndondomeko. Tiyambira pa resitihausi ya pa Mbamba, pafupi ndi msika ndi tchalitchi. Kenako kwa azakhali. Kenako ku loji, kummwera. Pomaliza ku Chizumulu. Tonse pamodzi, malo alionse mwa nthawi yake, aliyense akondwe. Ndinasaina pansi pake. Mpaka lero ndimati ndondomeko imeneyo inalibe vuto lililonse. Vuto linali anthu, ndi katundu wawo.

Mayi a kunyumba anali atamva, ndipo sanamve bodza, kuti pa chilumba zinthu zambiri zimachita kubwera pa madzi, kuyambira shuga mpaka simenti, choncho mitengo yake si yamasewera. Ndiye analongedza ufa, nyemba, mafuta ophikira, kabichi, mbaula, makala, mapoto, mthiko, chipande, ndi tambala wamoyo wokapereka kwa azakhali. Zonsezi, pamodzi ndi zovala zathu, zinalowa m'zikwama zija za mizeremizere zogula pamsika, zofanana ndendende. Mukumbukire mawu amenewa: zofanana ndendende.

Tinakwerera pa Nkhata Bay. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Nditawauza apongozi zimenezi anakondwa kwambiri, anati ndi mnzawo wa msinkhu umodzi, ndipo onse awiri akadali olimba. Tisanachoke n'komwe padoko, banja linali litagawikana kale. Wachisamba anakwera pamwamba kukajambula. Apongozi anayala chitenje pansi pakati pa amayi a geni ya usipa n'kuyamba kufunsana mibadwo. Alamu anasowa, koma kuseka kwawo kunkamveka kuchokera kumene amagulitsa zakumwa. Ine ndinakhala pa zikwama, tambala ali pamiyendo, mwera ukutigwedeza.

Chimene rula yanga sinaone n'chakuti sitima ikachoka pa Nkhata Bay imayamba yaima pa Chizumulu isanafike pa Likoma. Usiku umenewo nangula atangogwa, alamu anatulukira.

"Alamu, inu mwalemba kuti Chizumulu ndi komaliza. Koma Chizumulu chake si ichi? Tichisiyirenji?"

"Ndondomeko, alamu."

"Ndondomekoyo mukandipeza nayo konkuno."

Anatola chikwama chimodzi n'kutsikira m'kaboti konyamula anthu kupita kumtunda, mdima n'kuwameza. Kutacha, tili pa Mbamba, tinatsegula chikwama cha apongozi n'kupezamo makabudula, jezi ya mpira ndi ma CD. Yunifolomu yawo ya kumpingo, yochapidwa ndi kusitidwa mwezi wathunthu ulendo usanafike, inali ku Chizumulu, pamodzi ndi mthiko ndi chaja yathu imodzi yokha.

Pa resitihausi panatsala zipinda ziwiri. Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sapumira mpweya umodzi. Choncho apongozi, mwana wawo ndi adzukulu anatenga chipinda chachikulu, ine ndinatenga chaching'ono pamodzi ndi zikwama ndi tambala. Kanjira kopita ku bafa kanali kopapatiza, ndipo m'mawa ndisanatuluke ndinkayamba ndatsokomola kuti apongozi adziwe. Iwonso ankatsokomola kuti ine ndidziwe. Tinatsokomolerana motero mpaka mwini malo anabwera kudzafunsa ngati tikufuna mankhwala. Belu lija analimvadi, koma patsogolo pake panabwera nyimbo za pa bala yoyandikana nafe usiku wonse, ndipo tambala wa azakhali anadzutsa alendo onse asanamve belulo.

Za tchalitchi chokhacho sindinganene nthabwala. Cha St Peter, pa Chipyela, pamalo pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Amishoni a UMCA, amene anakhazikika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1880, anayamba kuchimanga mu 1903 ndipo chinatha mu 1911. Amati kukula kwake n'kofanana ndi tchalitchi cha Winchester ku England. Ukalowa, kunja kuli kutentha koopsa, mkatimo mumazizira, kuwala kukulowera m'magalasi amitundumitundu n'kugwa pansi. Ndinaima n'kumayang'ana makoma amiyalawo, ndikuganiza za anthu amene anasenza miyala yonseyo pamutu, kulibe lole, kulibe wilibala yokwanira. Ndinawamvera chisoni ngati abale anga enieni, pakuti khosi langa linali litayamba kale kudziwa nkhani yake. Apongozi anayendayenda mwakachetechete, kenako anati Lamulungu sangalowemo ndi chitenje wamba. Sananene kwa ine. Ananena kwa khoma, koma khomalo linali kumbuyo kwanga.

Tsiku losamukira ku Makulawe tinapeza njinga yamoto imodzi. Anakwera apongozi, chammbali, atagwira chipewa cha woyendetsa m'malo mogwira m'chiuno mwake. Ena tonse tinayenda, kudutsa pansi pa milambe ikuluikulu imene yadzaza chilumbacho, ndipo pa mlambe uliwonse ndinkatula katundu n'kunamizira kuti ndikuwaphunzitsa ana za chilengedwe.

Kwa azakhali ndi kumene tinagona ulere, ndipo ndi kumene ndalama zinapita kwambiri. Shuga, sopo, mchere, mayunitsi a foni, ndi fizi ya mnyamata wina amene ubale wake anachita kundijambulira pa mchenga. Koma kudya kokha, abale, ndinadya. Kondowole wotentha, wonanda, woti ukatema mbamu imakana kusiyana ndi inzake, ndi utaka wongovuulidwa kumene, wophikidwa ndi tomato ndi mchere basi. Azakhali anandiuza kuti kondowole satafuna, amangomeza. Ndinameza, ndipo ndinagona pamphasa m'mphala ya anyamata tulo timene sindinagonepo chikwatirireni.

Kukanakhala kwa ine, tchuthi chikanathera pomwepo. Koma azakhaliwo ndi mlongo wake wa malemu apongozi anga aamuna, ndipo pakati pa iwo ndi apongozi aakazi pali nkhani ya mbuzi imene inayamba ine ndisanamere mano. Usiku anaseka limodzi, m'mawa mbuzi inatuluka. Pofika masana apongozi anali atabwerera ku Mbamba, ati kuti asaphonye mapemphero a m'mawa. Mayi a kunyumba sakanawasiya azakhali mwamwano, ndiye anatsala. Wachisamba anatsatira agogo ake chifukwa cha netiweki. Tsopano ufa unali ku Makulawe, mbaula ku Mbamba, mthiko ku Chizumulu. Wolumikiza zonsezi anali munthu mmodzi, ndipo anthu a m'njira anayamba kundipatsa moni ndi dzina la "abambo a zikwama".

Ku Chizumulu ndinapita pa boti la matabwa, ndekha, mwera utakwiya. Amayi amene anali m'botimo ankasenda chinangwa n'kumacheza, ine nditakumbatira thabwa, ndikubweza kondowole yense wa azakhali kwa eni nyanja. Pakati pa ulendowo foni yanga, ndi kamoto kake kotsala, inalira. Ndinaganiza kuti ndi mayi a kunyumba akundidera nkhawa. Unali uthenga wondilandira ku Mozambique. Pajatu zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma madzi ozizungulira ndi a eni ake.

Alamu ndinawapeza pansi pa mtengo akusewera bawo, atazunguliridwa ndi asodzi amene ankawatchula kale kuti "achimwene". Chizumulu n'chaching'ono zedi, munthu umachizungulira wapansi, koma iwo anali atakwanitsa kutsegula ngongole m'magolosale onse, m'dzina langa.

"Alamu! Mwafika msanga, ndondomeko yasintha?"

Yunifolomu inali bwinobwino, kupatula kuti anaipinda n'kumaitsamira.

Kenako inafika nthawi ya loji. Mitengo yake inali m'madola, ndipo nditaisandutsa makwacha ndinapempha madzi akumwa. Ndalama inakwanira chipinda chimodzi ndi katenti kangati khola la nkhunda, ndipo simufunika kufunsa kuti m'katentimo munalowa ndani. Tikufika, banja linali patsogolo, ine m'mbuyo ndi katundu. Mnyamata wolandira alendo anawalonjera onse mwaulemu, n'kutembenukira kwa ine.

"Zikomo achimwene, tulani pomwepo. Akulipirani kale?"

Mayi a kunyumba anaseka mpaka kukhala pansi. Anamuuza kuti ndine mwini banja, koma anachedwa dala kunena.

Ana okha anasangalala. Anawabwereka magalasi osambira, n'kumaona mbuna pakati pa miyala, tinsomba tabuluu ndi tachikasu timene azungu amawolokera nyanja zamchere kudzationa. Kamzime kanatuluka m'madzi n'kufunsa ngati timadyedwa. Apongozi anakhala pa mpando wogonapo uja mowongoka, miyendo pamodzi, chikwama pamiyendo. Ataona mayi wina wachizungu akuyenda ndi kovala kosambira, anadzuka, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kukamupatsa, poganiza kuti zovala zake zapita ndi madzi. Mayiyo anathokoza kwambiri, anajambulitsa nawo, ndipo chitenjecho sanabweze. Chakudya cha m'mawa chinali zipatso, kabuledi ndi khofi. Apongozi anadya zonse mwaulemu n'kufunsa mwana wawo kuti, "Nanga chakudya abweretsa nthawi yanji?" Masana mayi a kunyumba anakoleza mbaula kuseri kwa chipinda. Mlonda anabwera kudzatiletsa, anaona nyemba, anakhala pansi.

Lamulungu apongozi analowa m'tchalitchi ndi yunifolomu yawo, ine nditaisita ndekha ndi simbi ya makala yobwereka. Anaimba mpaka misozi. Anthu a pa Likoma amaimba, ndipo makoma aja amabweza mawu mokoma moti ngakhale ine wa mpingo wina ndinamva tsitsi kuimirira. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo, popanda chonyamula, ndipo zimene zinalalikidwa anachita kundifotokozera ana pambuyo pake.

Gawo lomaliza la ndondomeko, lopita tonse ku Chizumulu, linakanidwa ndi anthu onse, kuphatikizapo wolemba wake. Tinabwerera ku Nkhata Bay opanda alamu, amene anatumiza uthenga woti atsalira pang'ono kuti amalize mpikisano wa bawo. Ngongole ya ku banki mkhonde tikubwezabe, ndipo amayi a gululo amandipatsa moni mwachikondi chachikulu tsiku lililonse la malipiro.

Sabata yatha foni inalira usiku. Alamu. Ati apeza mbeta ku Chizumulu, mwana wa msodzi wa maukonde ake, ndipo akwawo kwa mkaziyo akufuna kuona ankhoswe. Ndinawakumbutsa kuti mlamu sakhala nkhoswe, kuti imeneyo ndi ntchito ya amalume awo. Anati amalume amaopa madzi, ndipo apongozi avomereza kale kuti ndipite ine, popeza njira ndikuidziwa.

"Mukwere sitima ikubwerayi, alamu. Mugona kwathu usiku umodzi, kenako kwa atsibweni ake a mkazi ku Likoma, akufunanso kukuonani. Ndipo mubwere ndi ufa, kuno wadula."