Bwanji bokosi lathu limakhala louma mu Febuluwale?

Ndinalowa banki m'khonde mu Januwale chaka chino, ndipo chilowereni mutu wanga uli ndi mafunso okhaokha. Anzanga ena amati ndimafunsa zachibwana. Koma safunsa anadya phula, ndiye ndifunsabe, mwina wina mwa inu owerenga andimasula.

Kwathu ndi kumpata wa Fort Lister m'boma la Phalombe, pomwe phiri la Michesi limalekana ndi la Mulanje. Timalima chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa pang'ono. Ndalama yooneka imalowa pakhomo kawiri pachaka: tikakolola chimanga, kenako nandolo akauma cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Miyezi ina yonseyo timadalira ganyu ya bambo a kunyumba ndi zitumbuwa zomwe ndimagulitsa pamsewu.

Gulu lathu tilipo amayi 22. Timakumana Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango. Sheya imodzi ndi K1,000, ndipo aliyense amaponyanso K200 m'thumba la zadzidzidzi. Ndalama zimalowa m'bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Njira imeneyi anayambitsa ndi a bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, chaka chomwe Napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Ndinalowa ndi mtima umodzi wokha, woti pofika Disembala ndidzakhale ndi kanga.

Mu Febuluwale mwana anadwala malungo usiku, ufa nawo unali utatha. Pankafunika ya kabaza wa njinga yamoto kupita kuchipatala, ya zakudya kumeneko, ndi ya chimanga cha otsala pakhomo. Lachinayi lake ndinapempha ngongole ku gulu. Amsungichuma anatsegula bokosi pamaso pa tonse: munali K31,000, ndipo manja opempha anali asanu ndi awiri. Ndinatsika phiri kupita kwa bambo wina wakatapila. Anandipatsa K40,000 kuti pakatha mwezi ndibweze K60,000, chikole chake malata a nyumba yathu.

Mwezi utatha K60,000 ndinalibe. Iwo anati palibe vuto, ndingopereka K20,000 yapamwambayo, inayo idikire. Ndinatero mu Malichi, mu Epulo ndi mu Meyi. Ya mu Meyiyo ndinachita kugulitsa chimanga chongokolola kumene, nthawi yomwe mavenda amagula motchipa. Nditawonkhetsa ndinapeza kuti ndapereka K60,000, koma ngongole idakali K40,000 yomwe ija. Kodi ndalama imene sichepa ngakhale uibweze katatu, dzina lake ndi ngongolebe?

Nthawi yonseyi Lachinayi lililonse ndinkaponya K1,000 m'bokosi. Usiku wina ndinadzifunsa kuti kodi ndikusunga chiyani, pomwe kwinaku ndalama zikutuluka ngati madzi a m'lichero? Munthu wangongole ali ndi ufulu wosunga? Kapena ndisiye masheya, chilichonse ndizipititsa kwa wakatapila?

Ndinapita kwa azakhali anga, omwe akhala m'magulu otere zaka zambiri. Ndinawapeza akupeta mapira.

"Azakhali, ndikufuna ndituluke m'gulu. Sindingamasunge uku ndili ndi ngongole."

"Masheya ako afika zingati, mwanawe?"

"K20,000."

"Ndipo lamulo la gulu limati munthu angakongole mpaka zingati?"

"Katatu ka masheya ake."

"Nanga ukulira chiyani? Pano bokosi layamba kulemera, anthu agulitsa chimanga. Kakongole K40,000, ukamupatse bamboyo tsiku lomwelo, akafufute malata ako m'kope mwake iwe ukuona."

Ndinati kodi kumeneko si kungosamutsa ngongole, kuichotsa dzanja ili kuiika linali? Azakhali anaika lichero pansi n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Kwa wakatapila K40,000 imabala K20,000 pamwezi. Ku gulu chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse, ndiye K40,000 imabala K8,000. Pa miyezi itatu yomwe gulu limapereka, uku ndi K60,000, uku ndi K24,000. Ndipo K24,000 imeneyo siithawa, imagona m'bokosi, ina idzandibwerera pogawana. "Ngongole sizifanana," anatero. "Ili yoluma, ili yongokhala. Ngongole yako ya sopo ndi mchere ya kukantini siibala, mwini wake ungomuuza mwaulemu kuti adikire nandolo. Yamba wapha yolumayo. Koma ukanasiya masheya aja mu Malichi, lero ukanakongola ndi chiyani?"

Apa ndinamva. Ka K1,000 kamene ndinkati n'kopanda ntchito ndiko kanandigulira khomo lotulukira. Ndinachita monga ananenera, sabata yoyamba ya Juni. Nandolo atauma ndinabweza yonse ya gulu.

Koma mafunso sanathe, anangosintha.

Loyamba ndi la chikole. Mabwinja a linga la Fort Lister alipobe kumtunda kwathu. Angelezi analimanga mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadutsitsa anthu pampatawu kupita nawo kugombe la nyanja ku Mozambique. Agogo ankatiuza kuti si onse amene ankagwidwa pankhondo, ena ankaperekedwa ndi abale awo enieni chifukwa cha mlandu kapena ngongole. Ndikadutsa pamenepo masiku ano ndimakumbuka kope la bambo uja. Lero satenga munthu, amatenga denga, njinga, kapena munda kwa zaka ziwiri. Malamulo a mu 2010 amati wochita bizinesi yobwereketsa ndalama azidziwika ku Reserve Bank of Malawi. Nanga wa m'mudziyu amamuona ndani? Ndipo sindikufuna kunama: usiku umene mwana ankatentha thupi, yemwe anali ndi ndalama m'manja anali iyeyo. Kodi tingamuthamangitse tisanapeze womulowa m'malo?

Lachiwiri ndi la gulu lathu lomwe. Muli lamulo loti aliyense azikongola, ndipo amene sakongola amanenedwa kuti akufuna kudzadyera thukuta la anzake pogawana. Ndikumvetsa, chifukwa phindu la bokosi limachokera ku chiwongoladzanja. Koma ndaona mayi wina wopanda geni iliyonse akutenga K30,000 kuti angokwaniritsa lamulo, n'kuigulira chitenje ndi ndiwo, kenako n'kuvutika kupeza K6,000 mwezi ndi mwezi. Ndaonanso wina ali m'magulu atatu, akukongola Lachinayi kuti akabweze Lachisanu. Tinabwera kudzasunga kapena kudzakongozana? Ndipo geni yake ndi iti ya m'mudzi muno imene ingabale K20 pa K100 mwezi uliwonse n'kutsalako ya mwini wake? Zitumbuwa zanga sizifika pamenepo nthawi zonse. Nandolo nayenso si wodalirika: mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo unagwa kuno, ndipo amene anakongola akuyang'ana m'munda analira.

Lachitatu ndi la kosungira. Mu Novembala 2023 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka lichepetsereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene anasunga chaka chonse akuwerengera thumba la feteleza anakapeza mtengo wathawa. Bambo a kunyumba amati ndiye tizisunga mu mbuzi, chifukwa mbuzi imakwera limodzi ndi zinthu, imaswanso. Ndi zoona. Koma mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola makola ndi mbuzi zomwe m'boma lino, ndipo mbuzi siidulidwa mwendo umodzi kuti ulipire kabaza. Pafoni ndalama siinyowa, koma potapa amadulako, komanso imakhala pafupi kwambiri ndi chala. Ku banki yeniyeni, ulendo wake wokha umadya masheya a sabata zingapo. Ndiye munthu wa K1,000 pasabata asunge kuti? Pakadali pano ndagawa patatu: masheya, kambuzi kamodzi, ndi K10,000 imene ndasungitsa kwa azakhali, yomwe tinapangana kuti siituluka pokhapokha pa matenda.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi lomwe lili pamwambapa. Timayamba mu Januwale, timagawana mu Disembala, bokosi n'kutsala mbee. Ndiye kuti mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, udzudzu utachuluka, ana akufuna fizi ya teremu yachiwiri, bokosi limakhala lakhanda. Limadzakhuta mu Seputembala ndi Okutobala, pomwe anthu ali ndi ya nandolo m'manja ndipo wapampando akuchita kukakamiza anthu kuti akongole. Nthawi yomwe tikulifuna lilibe kanthu, nthawi yomwe lili ndi kanthu sitikulifuna. Ine ndinapita kwa wakatapila ndili membala wa banki. Tsiku lija manja anali asanu ndi awiri, ndipo ndikudziwa kuti enanso anatsika phiri lomwelo.

Nditafunsa azakhali, anati Disembala ili ndi zifukwa zake. Anthu amafuna feteleza wobereketsa, amafuna yunifolomu, ndipo ana amene adya nsima ya masamba chaka chonse ayenera kulawa mpunga wa nkhuku pa Khirisimasi. Anatinso ndalama zambiri zikagona m'bokosi nthawi yaitali zimaitana akuba. Sindikutsutsa chilichonse. Koma bwanji osagawana mu Meyi, kuti chaka cha bokosi chiziyamba ndi zokolola, pofika Febuluwale likhale ndi miyezi isanu ndi inayi yakudya? Kapena ngati Disembala sitingaisiye, bwanji aliyense asamasiye masheya asanu pogawana? Anthu 22 kusiya K5,000 aliyense ndi K110,000. Imeneyo ikanakwana ine ndi anzanga ena awiri kapena atatu mwezi uja, kuwonjezera pa K31,000 ija. Kodi pali lamulo lochokera kwina limene limaletsa, kapena tinangozipeza zili choncho?

Azakhali anangoti, "Ukafunse wekha pagulu, mwanawe. Malamulo aja tinalemba tokha m'kope."

Lachinayi likudzali ndikakweza dzanja. Ndikapempha zinthu ziwiri: kuti tisiye masheya asanu aliyense pogawana chaka chino, komanso kuti wosafuna ngongole asamakakamizidwe. Inu a mabanki m'khonde a ku Migowi, ku Nkhulambe, ku Chiringa ndi kwina konse, ngati gulu lanu linasinthapo mwezi wogawana kapena limasiya mbewu m'bokosi, chonde tiuzeni mmene munachitira Febuluwale asanafike.