Ulemu upite kwa a Fisi

Pa nyama zonse zimene zimakokera alendo kuno ndi makamera awo, palibe yolakwiridwa ngati fisi. Mkango ndi kambuku aimirira pa chizindikiro cha boma, nkhwazi ili pamwamba pawo, njovu ili pa zikwangwani za makampani onyamula alendo. Pa mndandanda wa nyama zisanu zazikulu zimene gaidi amalonjeza kuti mukaziona, ndiye njovu, mkango, kambuku, njati ndi chipembere, dzina la a Fisi mulibe. M'nthano namo amangopusitsidwa ndi Kalulu chaka ndi chaka. Eni akewo sadandaula, amangoseka, ndiye lero ndiwayankhulire ndine.

Taonani mavuto a munthu wofuna kukagona m'tenti kuti aone nyama. Anyamuke ku Lilongwe, atsike mpaka ku Liwonde, kapena adzere ku Mchinji ndi ku Chipata kukafika ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, kumene Norman Carr anayambitsa zoyenda ndi alendo m'tchire cha m'ma 1950. Alipire galimoto, alipire pachipata, alipire gaidi ndi wamfuti woyenda kutsogolo. Kukada amupatsa malamulo: usatuluke m'tenti, usasiye chakudya panja, ukamva mtswatswa usathamange. Pakati pa usiku kumveka "huuuwi!" chapatali, mlendo thupi lonse tsembwe, ndipo m'mawa nkhani ili kale pa Facebook kuti wamva Africa weniweni. Kulira komweko munthu wa kumidzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje amakumva ali pamphasa pake, osatulutsa ngakhale tambala, ndipo sikuchokera kutali ayi. Kumachokera kuseri kwa khola.

Nyama zolemekezekazo ndi mabwana ofuna kunyamulidwa. Mikango ya ku Majete inabwera kuchokera ku South Africa mu 2012 bungwe la African Parks litaiitanitsa. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinalasidwa mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, n'kukwezedwa pa malole kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, mpaka Prince Harry anabwera kudzathandiza nawo. Mu 2019 zipembere 17 zinakwera ndege kubwera ku Liwonde. Zikafika, azimangire mpanda wamagetsi, azilembere alonda. Nanga a Fisi anawanyamula ndani? Palibe mwana wa mfumu ya ku England anawakankhapo m'lole. Tinatha mitengo, tinalima madambo, tinathira phula msewu wa M1 pakati pa Nathenje, iwo ali pompano, masana m'mapanga a m'mapiri, usiku pa ntchito. Ngakhale mu mzinda wa Lilongwe muli afisi okhazikika, oyenda m'mphepete mwa mitsinje anthu akagona. Kukonda dziko kumeneku andale athu akanakhala nako, bwenzi tili patali.

Kumadzulo kwa Mitundu kuli nkhalango ya Dzalanyama, yotetezedwa ndi boma kuyambira 1922, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mu mzinda amamwa kudzera m'madamu a ku Malingunde. Makolo amati ku Kaphirintiwa, m'mapiri omwewo, ndi kumene anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi awo pamwala. Lero mlendo wokagona kumeneko amapitira mbalame za m'mitengo ya miombo, ndipo panjira amakumana ndi mzere wa njinga zosenza matumba a makala, ngakhale boma linatumizako asilikali mu 2015. Kwathu kuno njovu ndi mkango zatsala kudambwe, zimatuluka pabwalo ng'oma zikalira, ndipo njovuyo ndi ya pamaliro a mfumu, si yoiona tsiku lililonse. Chilombo chachikulu chamagazi chimene chinakana kusiya amphawi okha ndi chimodzi basi.

Amati a Fisi ndi akuba, odya zotsala za mkango. Miseche! Hans Kruuk, katswiri amene anatsatira afisi usiku ku Serengeti ndi ku Ngorongoro m'zaka za m'ma 1960, anapeza kuti nyama yambiri imene amadya amasaka okha, ndipo nthawi zambiri wolanda za mnzake ndi mkango. Kukacha alendo amapeza mfumu ya tchire ili pa nyama, afisi atakhala pambali, n'kujambula chithunzi chonamizira mwini wake umbava. Za ukhondo ndiye musanene. Nsagwada zawo zimaphwanya fupa la ng'ombe, mimba n'kuligaya, mwakuti ndowe zawo zikauma zimayera mbuu. Galu wofera pamsewu, zikopa ndi mafupa otayidwa kuseri kwa msika, zonse amasesa osapempha alawansi kukhonsolo.

Koma chimene ndimawapatsira ulemu kwambiri n'chakuti amasunga mwambo. Pakati pa afisi, wamkazi ndiye wamkulu thupi ndiponso ndiye wolamula. Ana aakazi amakhala pamudzi pa amayi awo, udindo n'kumatsata kuchikazi. Wamwamuna akakula amasamuka kukalowa mbumba ina, ndipo kumeneko amayambira pansi penipeni: adye pomaliza, alankhule motsitsa, mwana wa eni mudzi akamukalipira apepese. Mkamwini aliyense wa kwa Chadza kapena kwa Chiseka akamva zimenezi ayenera kuvula chipewa, pakuti wapeza mbale wake. Mkango wamphongo, wogona tsiku lonse akazi akusaka kenako n'kudzayamba ndiye kudya, ankhoswe akanaubweza kwawo sabata yoyamba.

Tsono safari ya a Fisi ili ndi ubwino wakuti mlendo sayenda, nyama ndiyo imabwera. Agalu akayamba kuuwa mwamantha n'kuthawira pakhonde, mbuzi zikayamba kupondana, mwadziwa kuti pulogalamu yayamba. Bambo atuluke ndi tochi ya pafoni ndi chikuni, mwana wamkulu agwire chibonga, mayi aziimba chidebe. Moto wa pamsasa ulipo, nyenyezi zilipo, udzudzu ulipo wokwanira aliyense. Gaidi safunika, poti agogo ali m'nyumba akufuula malangizo onse. Maso awiri akawala kuseri kwa nkhokwe, mtima umagunda kuposa wa mzungu wa ku Mfuwe, chifukwa mzunguyo mbuzi si yake. Malipiro ake ndi osavuta: mbuzi imodzi, kawirikawiri yonenepa ija munaisungira fizi ya mwana kapena thumba la feteleza. Satenga ya mphere, amadziwa kusankha. Risiti sapereka, ndipo chipukutamisozi musachiyembekezere kwa aliyense.

Ndisabise, mbiri yawo ili ndi mawanga ngati chikopa chawo. Alumapo anthu ogona panja nthawi yotentha, ndipo ana ndiwo amakhala pangozi. Mu 2003 ku Dowa chilombo china chinapha anthu, chinavulaza ambiri, midzi n'kusamukira kuboma. A zanyama anati ndi fisi wachiwewe, eni midzi anakana kuti fisi wamba sangatero. Apa mpamene a Fisi amaposa nyama zonse: ndi okhawo amene akalakwa, mlandu umagwera munthu. Njovu ikadya chimanga, ndi njovu. Fisi akagwira mbuzi, m'mawa anthu ayamba kunong'onezana kuti ndi wowetedwa, mwini wake amamukwera usiku, ndipo maso onse aloza kwa nkhalamba ina yosauka ya kumapeto kwa mudzi imene ngakhale njinga ilibe. Loya wotha kupulumutsa munthu chonchi ku Lilongwe konse kulibe.

Choncho pempho langa kwa oyendetsa zokopa alendo ndi ili. Alendo akatera pa bwalo la ndege la Kamuzu, musawathamangitsire ku Liwonde onse. Ena atsitseni pa Nathenje, muwagulire mbewa zapandodo ngati ndi nyengo yake, muwakhomere tenti pafupi ndi khola, muwapatse chidebe ndi chikuni. Adzamva kulira kuja pafupi kuposa mmene gaidi aliyense angawafikitsire, mwini khola adzagona tulo kwa nthawi yoyamba, ndipo kukacha mbuzi ikasowa, aka kadzakhala koyamba kupezeka munthu woilipira, m'madola.