Denga Lakwera, Koma Anasenza Ndani?

Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananame. Amene anaonako denga la nkhokwe likukwezedwa akudziwa mmene zimakhalira: limamangidwira pansi, kenako amuna n'kulowa kunsi kwake, wina akuwerengera, wina akukuwa kuti mbali yake yapendekeka. Koma akuluakuluwo anasiyira nkhani panjira. Sanatiuze kuti denga likangokhala pamwamba, oonerera amayamba kufunsana kuti mutu umene unasenza kwambiri ndi wa yani.

Funso limeneli ndilo limasowetsa mtendere anyamata oimba hip hop awiriawiri. Taonani Chanda na Kay a ku Copperbelt, kumene timati ku Kopala, ndi chimbale chawo cha Zambia Izavina. Kuno ku Chipata chimbale sichifikira m'sitolo. Chimafikira kwa mnyamata wa laputopu pamsika wa Kapata, amene amakuthirira nyimbo mu memori khadi, n'kukuikira basera ya kwaya ndi ulaliki umene sunapemphe. Oimba aja salawapo ngakhale ngwee imodzi. Mnyamatayu sanagwireko denga, koma chimanga cha m'nkhokwemo akudya ndi iye.

Mlandu weniweni umazengedwera kometera tsitsi. Wometa amazimitsa makina mutu wako uli theka, n'kuloza sipika ndi chipeso. "Mwamva apo? Ameneyo ndiye Chanda. Mnzakeyo angoperekeza." Wina pabenchi amadzambatuka: "Iwe, amene waimba apoyo ndi Kay!" Amaibwezanso nyimboyo, katatu. Iwe uli phee, tsitsi likukuyabwa m'khosi, ukupemphera kuti magetsi asathawe chigamulo chisanaperekedwe. Oweruzawa ambiri Chibemba amachimva cha apo ndi apo, komabe sizilepheretsa munthu kugamula.

Ndiye pali chimbuya, chibale chonyozana moseka cha Angoni ndi Abemba. Mngoni weniweni sangavomere pagulu kuti Mbemba waimba bwino. Akhoza kuchititsa manyazi fuko lonse la Mpezeni. Choncho amayamba ndi mwambo wake: odya anyani awa adziwa chiyani, angopokosera. Akunena zimenezo phazi lili kugunda pansi motsatira ng'oma, ndipo madzulo nyimbo yomweyo ikulira pafoni yake akupalasa njinga kukwera ku Mchini. Anzathu a ku Kopala nawonso amatibwezera zoti timadya mbewa, n'kumabwerabe kudzaimba kwathu kuno.

Achikulire pang'ono akukumbukira Black Muntu, Leo Bweupe ndi Mwembe Chulu, amene chimbale chawo cha Wisakamana chinatuluka mu 1999 ku Mondo Music, nthawi imene mawailesi athu anali atadzaza nyimbo za ku Congo ndi ku America. Anasenza denga lolemera ndithu, loti achinyamata ayambenso kumvera za kwawo. Kenako aliyense anatenga njira yake, ndipo dzina anagawana ngati katundu wamasiye: uyu Leo Muntu, uyo Mwembe Muntu.

Amene anauchenjerera mwambiwu ndi a Outkast a ku Atlanta. Mu 2003 Big Boi ndi André 3000 anatulutsa Speakerboxxx/The Love Below, ma CD awiri m'chikuto chimodzi, aliyense yakeyake. Madenga awiri, mudzi umodzi. Ometa tsitsi a kumeneko anapatsidwa umboni wonse m'manja kuti akangane bwinobwino, ndipo mu 2004 chimbalecho chinapambana Grammy ya chimbale chabwino koposa cha chaka. Ineyo ndimati kumeneko n'kupatukana kwaulemu, kopanda kuitana ankhoswe.

Mu 2023 André 3000 anatulukira yekha ndi New Blue Sun, chimbale chopanda rap ngakhale mzere umodzi, bambo wamkulu akungoliza chitoliro. Olemba nkhani kunjako anachiyamikira kuti n'chozama. Akanadzafika nacho kuno akanamutumiza ku Mtenguleni, kumene anyamata oweta ng'ombe akhala akuliza zimenezo kwaulere kuyambira kalekale.