Ulemu upite kwa a Babu a pakhonde la ofesi

Mwa onse ogwira ntchito m'boma kuno kuchigwa cha Shire, palibe amene amalimbikira ngati a Babu a pakhonde. Ndikunena babu lachikale lija, lagalasi lozungulira, lokhala ndi kawaya kofiira m'kati. Anzawo amafika m'mawa, amapita ku nkhomaliro, dzuwa likapendeka n'kuweruka. Iwo sadziwa kuweruka. Yendani m'maofesi a boma kuchokera ku Chikwawa kudutsa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo, penapake muwapeza ali ngwee, akuthandiza dzuwa kuwala. Tchuthi sapempha, alawansi saidziwa, ndipo ku misonkhano ya kunyanja sadatumidweko. Ine ndaona kuti nthawi yakwana yoti munthu wina awayamikire poyera.

Tiyambe ndi kuolowa manja kwawo. Akatswiri amati babu la mtundu umenewu limasandutsa pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi amene limadya kukhala kutentha, kuwala n'kumangokhala kotsalako. Ena amati kumeneko n'kuononga. Koma taganizani: kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, kumene kalaliki amalemba thukuta likudonthera pa fayilo, ndani wina angaganize zotiwonjezerako kafundidwe? A Babu amatero osanyinyirika. Akatero amapezetsanso ntchito anzawo. Fani amazungulira usana ndi usiku pofuna kuchotsa kutenthako, ndipo mu ofesi ya bwana makina oziziritsa mpweya amabuula tsiku lonse zenera lili pululu chifukwa magalasi awiri adasweka kalekale. Makinawo amayesetsa kuziziritsa boma lonse la Nsanje kudzera pa zenera limodzi, ndipo ndi a Babu amene amawalimbitsa mtima.

Pa nkhani ya kudya, musawachepetse. Babu la mawati 100 likayaka osazima limadya mayunitsi 72 pa mwezi. Kababu kamakono ka LED kowala chimodzimodzi kamadya mayunitsi 10 okha, ndipo wina akamakazimitsa kukacha, amatsika kufika pa 5. Kudya kotereku n'kwa munthu wamanyazi. Ofesi ya boma iyenera kuoneka kuti ndi ya boma, ndipo mita ikamathamanga m'pamene anthu amadziwa kuti pano pali chitukuko. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi. Ndiye mayi wochokera ku East Bank, amene ana ake amawerenga ndi tochi ya mabatire, akabwera kudzasainitsa kalata, si bwino kodi kuti aone ndi maso ake kumene msonkho wake umapita? Amauona ukuyaka pamwamba pa mutu wake 12 koloko masana, mtima n'kukhala m'malo.

Yandikirani muwaonetsetse. Galasi lawo lidachita bii ndi fumbi, kangaude adamanga mpanda kuzungulira, ndipo pansi pake pamagwa mapiko a ngumbi zimene zidabwera kudzacheza mvula yoyamba. Pakhoma pali nalimata wonenepa, amene chibadwire sadasakeko chakudya. Amangodikira pamenepo, chakudya n'kumadzibweretsa chokha. Ndi wantchito uti wina amene amadyetsa mtundu wonse chonchi? Tsono funsani kumene kuli switchi. Mesenjala akulozerani kuseri kwa kabati yodzaza ndi mafayilo a anthu amene adapuma ntchito kale. Kwina mupeza kuti switchiyo idathyoka, ndipo mmisiri wina wochenjera adangolumikiza mawaya n'kukulunga ndi tepi yakuda. Kuyambira tsikulo a Babu salamulidwa ndi munthu.

Chinsinsi cha mphamvu zawo chagona pamenepa: alibe mwini. Mlonda amati ntchito yake ndi geti. Mesenjala amati iye amasesa ndi kutumikira. Kalaliki amati adawapeza akuyaka. Wa zachuma amaona bilu, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti tidikire fanding'i. Munthu yemweyo kunyumba kwake amakalipira mwana akaiwala kuzimitsa getsi la kubafa, chifukwa mayunitsi amagula yekha. Akangolowa pa geti la ofesi amasanduka mfulu, poti izi ndi za boma. Ndimasirira mtendere umenewu. Lachisanu kompyuta imasiyidwa ikung'ung'udza, makatani amatsekedwa kuti dzuwa laulere lisalowe, ndipo Lolemba zonse zimapezeka zili bwinobwino monga adazisiyira.

Musaganize kuti alibe adani. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, boma ndi ESCOM, mothandizidwa ndi dziko la Britain, adayenda m'makomo kugawa mababu opulumutsa magetsi, opotanapotana aja. Patapita zaka zochepa kudabweranso a LED. Kenako mita yogulira mayunitsi idayamba kulowa m'maofesi a boma, pofuna kuthana ndi ngongole za magetsi zimene zinkangounjikana. Ambiri a m'banja la a Babu adatha nthawi imeneyo, n'zoona. Koma mwambo wawo sudafe. Machubu ndi mababu atsopano amene adalowa m'malo mwawo adangofika n'kuphunzira khalidwe la pamalopo, nawonso sazima. Ndipo kumene a Babu enieni adatsala, amalowana ngati ufumu. Moyo wawo ndi maola pafupifupi 1,000, kutanthauza masabata asanu ndi limodzi akamayaka osapuma, pamene ka LED kamatha zaka. Akatisiya, wina amathamangira ku golosale kukagula wotchipitsitsa, ndipo dzina limapitirira. Kugula mmodzi n'kosavuta. Kusintha onse pakamodzi kumafuna makotesheni atatu ndi komiti yogula zinthu, ndipo komiti kuti ikhale pansi pamafunika madzi a m'botolo.

Tchuthi chenicheni adachipeza kamodzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, konkuno ku Chikwawa, ndipo makina a EGENCO opanga pafupifupi mamegawati 130 adaima kwa nthawi yoposa chaka. Dziko lonse lidalowa mu mdima wa maola ambirimbiri pa tsiku. Zigayo zidaima, owotcherera zitsulo adakhala manja lende, ometa adabwerera ku lumo. Pamenepo ndiye kukhulupirika kwa a Babu kudaonekera. Poti switchi yawo sidatsekedwepo, magetsi akangobwera, kaya 2 koloko usiku, iwo ndiwo ankayamba kulengeza, ana a m'makomo oyandikana asanakuwe n'komwe kuti ayaka. Pa kamagetsi kochepa kamene Nkula ndi Tedzani ankagawira dziko, iwo ankatengapo gawo lawo lonse mosaphonya, kuunikira khonde lopanda munthu.

Pali anthu ena, ophunzira kwambiri, amene akufuna kuononga zonsezi. Akuti madenga a malata aikidwe siling'i ndi kupakidwa penti yoyera kuti asamatenthe. Akuti kumbali yolowera dzuwa kubzalidwe mitengo ya nimu, yomwe kuno imamera popanda kuinyengerera. Akuti magalasi osweka akonzedwe makina oziziritsa asanayatsidwe, makatani atsegulidwe, padenga paikidwe sola, ndipo mwezi uliwonse pa bolodi pazimatidwa pepala losonyeza mayunitsi amene ofesi yadya. Choopsa kwambiri, akuti munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, apatsidwe udindo woyendera zipinda poweruka. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama ya dona aliyense, ndipo n'chifukwa chake ndikuziopa.

Choncho a DC athu a maboma awiriwa, ndi inu nonse akuluakulu a nthambi, ndagwira mwendo wanu. Akabwera anthu amenewa, auzeni kuti nkhaniyo mwaimva ndipo muikambirana pa msonkhano wa kota ikubwerayi. Kabati ija musaisunthe, ndipo mlonda musamuuze kuti switchi ili kuseri kwake.