Batani lofiira linapita kuti?

Mu November 2023 banki yayikulu ija ili ku City Centre inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Kusanache n'komwe, shuga, sopo, ngakhale tomato wa ku Mitundu amene sanaonepo dola chibadwire, zonse zinali zitakwera. Kuyambira apo ndakhala ndikudikira kuti chimodzi chokha chitsike. Ndine mlonda ku Area 10, kudikira ndiye ntchito yanga.

Wandimasula pa nkhaniyi ndi mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira zamagetsi. Abwana anga ali ndi thanki ya madzi pamwamba pa nsanja, monga aliyense wa kumayadi, ndipo amafuna pampu izidziyatsa yokha madzi akachepa, nkudzizimitsa thanki ikadzadza. Mnyamatayo anapita kwa okonza mawailesi cha ku Malangalanga, nkubwerako ndi kachipangizo kakuda kamiyendo 14, dzina lake CD4011.

Akuti m'kati mwake muli timageti tinayi totchedwa NAND, tosadziwa china koma 1 ndi 0. Iye anatengapo tiwiri. Yankho la koyamba analilowetsa mwa kachiwiri, la kachiwiri nkulibwezera mwa koyamba. Ndiye timangokhalira kutsimikizirana: "Yayaka?" "Yayaka." Ukakhudza mbali imodzi, pampu yayamba. Chotsa chala, ikuthamangabe, chifukwa tiwiri tija tagwirizana kale. Yozimitsa ndi mbali inayo basi. Zimenezi akuti ndi latch, ndipo azungu awiri, Eccles ndi Jordan, anali atazitulukira kale mu 1918. Kuchigayo nzeru yake ndi yomweyo: batani lobiriwira kuyatsa, lofiira kuzimitsa.

"Amalume, mwamva?"

"Ndamva, mwana wanga. Ukunena za mtengo wa shuga."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Mafuta akasowa, kondakitala amadina lobiriwira. Mafuta abwera, mizere yatha, chala chachoka, koma mtengo wochoka ku Old Town ukadali pomwepo, chifukwa kondakitala wafunsa dalaivala, dalaivala wafunsa kondakitala: "Wakwera?" "Wakwera." Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, makala anakwera. Kapichira anakonzedwa, koma wogulitsa makala mpaka lero uthengawo sunamupeze. Wa mandasi naye amati ufa wadula. Chimanga chikatsika nthawi yokolola, ndasi limangoyang'ana kumbali, laling'ono ngati kale.

Ndinafunsa chimachitika n'chiyani ukadina mabatani onse awiri pakamodzi. Mnyamata anagwedeza mutu, akuti zimenezo n'zoletsedwa, timageti timasokonezeka ndipo ukachotsa zala palibe angalosere komwe tigwere. Ndinamuuza kuti zoletsedwazo ndimazimva pa wailesi, pamene bwana wina akulengeza kuti mafuta m'dziko muno ndi okwanira, kwinaku akupempha kuti tisagule ambiri.

Kachipangizo kake kali ndi chilema chimodzi: magetsi akathima kamaiwala zonse. Apa ndiye ogulitsa mumsika amuposa. Magetsi athime usiku wonse, mtengo wa shuga umadzuka m'mawa ukukumbukira bwinobwino pomwe unagona. Ndamulangiza akaphunzireko kwa iwowa.

Koma chimodzi chandikhala pamtima. Mwana amene sanamalize n'komwe sukulu anakana kulumikiza pampu asanatsimikize njira yoizimitsira, poopa kuti madzi angatayike ndipo injini ingapse. Akuluakulu a madigiri akamakweza zinthu ndi cholembera, ayenera kutiuzanso tsiku lomwelo chomwe akonza kuti wolandira malipiro a pamwezi asapse. Sindikupempha chifundo. Ndikupempha ntchito yomalizidwa.

Mnyamata ananena kuti latch iliyonse imakhala ndi mbali ziwiri, ndiye lofiira liyenera kukhalapo penapake. Ndafufuza, ndalipeza. Analilumikiza ku malipiro anga, ndipo pali munthu analikhalira.